Zala ndi Zanga, Wovulala ndi Wina

Zala zitatu. Miyezi khumi ndi umodzi. Maulendo khumi ndi anayi ochokera ku Ngokwe kupita ku Balaka. Chimene ndalandira mpaka lero: kapu imodzi ya madzi, nayonso anandiuza kuti nditsuke ndikamaliza.

Anthu inu mumati ine ndimathira mchere nkhani. Lero iyayi. Wallahi, zonse ndikulemba apazi ndi zoona, ndipo ndikulemba ndi dzanja lamanzere, limene silinaphunzire bodza.

Ndinkagwira ntchito pa fakitale ina yochotsa njere za thonje. Lachiwiri lina, cha m'ma 10:20 m'mawa, lamba wa makina anakoka mkono wa malaya anga, dzanja n'kutsatira. Pamene anzanga ankazimitsa makinawo, zala zitatu za kumanja zinali zitalowa kale m'belo. Belolo linapita kunja. Ine pasipoti ndilibe, koma zala zanga zinakwera sitima ya pamadzi. Kwinakwake kuli mzungu wavala shati imene imamukanda yokha. Ndikulumbira.

Kuchipatala anafunsa buku. Ndinalibe, chifukwa chikulireni ndinali ndisanagonepo m'chipatala. Mayi anga atamva ku Ngokwe, anatsegula chitini chawo cha mapepala n'kutenga buku limene linali pamwamba. Linali lija anandigulira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndisanapite ku jando. Adokotala analemba zonse m'menemo. Ine ndinali chigonere, mankhwala ali m'mutu.

Kwa inu amene si akwathu, mvetserani. Mnyamata akatuluka ku jando amapatsidwa dzina latsopano. Lakale limafa. Munthu akakuitana nalo wakutukwana, wanena kuti ndiwe mwana wosavinidwa, ndipo nkhani yake imatha ndi zibakera kapena nkhuku ya chindapusa. Ine ndine Yusufu Bwanali. Pa chitupa cha unzika pali Yusufu Bwanali. Koma pa buku lija pali Kandulo.

Kuntchito nakonso a kapitawo anandilemba kuti Yusufu Wamtali, chifukwa a Yusufu tinalipo anayi.

Tsopano ndafika ku ofesi ya chipukutamisozi. Dzina lake sinditchula, eni ake akudzidziwa. Pa chitseko analemba kuti amatsegula 7:30. Windo linatsegulidwa 9:15. Kuseri kwake kuli mayi wina amene ali ndi kapu ya tiyi yosatha. Ndaiona maulendo khumi ndi anayi, sinafikepo pakati. Akatswiri a madzi apite akaifufuze, mwina midzi yathu ingapulumuke.

Anayala mapepala anga, n'kuwayang'ana ngati ndiwo zadzana.

"Apa pali anthu atatu," anatero. "Wina anavulala, wina amagwira ntchito, wina ndi nzika. Inuyo ndinu uti?"

Ndinakweza dzanja kuti aone.

"Dzanja si chikalata, bambo."

Anandiuza kuti ndipite kufakitale akakonze dzina. Kufakitale anati a kapitawo aja anachoka, ndipo mabuku amatsegulidwa nyengo ya thonje basi. Kuchipatala anati adokotala aja anasamutsidwa, ndipo zolembedwa m'buku sizifufutidwa. Nditabwerera pa windo, mayi aja anati ndibweretse kalata yochokera kwa amene anandipatsa dzina latsopano. Phungu wanga wa ku jando anapita ku Joni ine ndisanamere ndevu. Ngakhale mkazi wake akumufunabe. Ndimupeze ine, ndi zala zisanu ndi ziwiri?

Ulendo uliwonse ndi K24,000 kupita ndi kubwera, kudya osawerengera. Mbuzi ziwiri zinapita. Njinga nayo ndinagulitsa, poti buleki ndikanagwira ndi chiyani? Khasu limandipulumuka. Munda wa chaka chino walima mkazi wanga yekha, wafika theka. Ndalama ya chipukutamisoziyi ndiyo ndimati ndiyambire kawokala, ana atatu aja adye.

Benchi ya pa khonde paja inandizolowera moti munthu wina akakhalapo imalira. Fayilo yanga ili pa shelufu ya pansi, pafupi ndi chitseko cha kuseri. Ulendo wachinayi ndinapeza nkhuku ya mlonda itaikirapo mazira. Wachisanu ndi chimodzi itaswa. Wachikhumi mlonda anandipatsa moni akutafuna mwendo wa mmodzi mwa anapiye aja. Nkhuku yabadwa, yakula, yadyedwa. Fayilo ili pomwepo. Mulungu ndi mboni.

Ulendo wa khumi ndi chiwiri anati ndisangalale, bwana wamkulu woyeza kuvulala akubwera kuchokera kutauni Lachinayi, 9 koloko. Akangoona dzanja n'kusaina, zina zonse zidzikonza zokha. Lachinayilo anandinyamula pa depoti ndi mlamu wanga Che Saidi, wa kabaza pa Balaka pompo, munthu amene akamva nkhani m'mawa, masana imakhala itafika ku Liwonde. Pa khonde panali podzaza. Kutsogolo kwathu kunakhala amayi awiri a ku Ngokwe, mmodzi ndi amene amagulitsa tomato moyandikana ndi mkazi wanga.

Bwana anafika 11:10. Pokwana 11:40 mesenjala anatuluka ndi pepala la adokotala m'manja.

"Kandulo Bwanali!"

Ndinayang'ana denga.

"Kandulo!"

Che Saidi anandigunda m'nthiti. "Alamu, taonani anthu ena. Munthu kumuitana kawiri konse, ndalama zikumudikira. Ngogontha ameneyu?"

"Mwina wapita kokodza," ndinatero.

"Dzina lakenso ngati la mwana wamamina."

"Ee, ndithu."

"Kandulo Bwanali, komaliza!"

Miyendo inkafuna kuimirira, koma amayi aja anali atatembenuka kufunafuna mwini dzina. Mesenjala analemba kuti sanabwere. Bwana anatuluka 12 koloko kukadya nkhomaliro. Mpaka lero akudyabe.

Anthu atabalalika ndinapita pa windo n'kunong'ona kuti munthu uja ndine, koma dzina limenelo kwathu siliitanidwa. Mayi aja anapsontha tiyi.

"Pa ndalama limaitanidwa. Mwezi wamawa ukatha fayiloyi ikwanitsa chaka, tiitseka."

Mayi a pa windo inu, ndimvetseni bwino. Kulakwa kwanga ndikukuvomera. Koma mesa ndinakufotokozerani za mayinawa maulendo khumi ndi awiri? Mukanalemba kachidutswa ka pepala n'kumata pa fayilo, inki ikanatha? Nkhope yanga mumaidziwa kuposa ya amuna anu. Windo ndi benchi zatalikirana mapazi asanu. Kuloza ndi chala kuti ndi uyo, chikanathyoka? Inu muli nazo khumi.

Kunyumba mkazi wanga anamva zonse osaseka. Anangofunsa kuti, "Ulemu wanuwo ana audyera ndiwo yanji?" Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa ndalama ya tomato.

Lolemba lapitali ndinabwerera. Che Saidi anali pambali panga. Khonde lodzaza ngati kale. Windo litatsegulidwa ndinaimirira, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, mpaka mlonda:

"Ine ndine Kandulo."

Che Saidi anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa makina aja.

"Chitupa," anatero mayi aja.

Ndinapereka.

"Apa palembedwa Yusufu. Bambo, mukudziwa kuti kudzitcha dzina la munthu wina pofuna ndalama ndi mlandu wa polisi? Ndakumverani chisoni lero. Kamuuzeni Kanduloyo abwere yekha."

Windo linatsekedwa 9:32.

Ndiye ndikufunsa, akuluakulu a ofesi imeneyo. Yusufu sanavulale. Wamtali si nzika. Kandulo alibe chitupa. Nanga zala zimene zikusowa pa dzanja ili ndi za ndani? Ngati si zanga, mwini wake abwere adzatenge ululu wake, chifukwa kukazizira umandivutitsa ine.

Amuna anzanga a m'mafakitale, m'zigayo ndi pa kabaza, pitani lero lomwe mukatsegule chitini cha mayi anu. Buku lililonse la dzina lakale mulichotse, mugule latsopano magazi asanatuluke. Muonenso zimene a kapitawo analemba m'buku lawo.

Ndipo amene angakumane ndi Kandulo, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, kabudula wong'ambika kumbuyo, zala zonse khumi, amuuze kuti akufunika pa windo mwezi uno usanathe. Ine ndinamusiya kutchire ku Ngokwe zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo. Dzulo ndinapita komweko, ndinamuitana katatu. Nayenso sanayankhe.