Kangolo ka uvuni wa achemwali

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pa matumba a mtedza. M'siwa amayi a mpingo anali akuimbabe, mawu atasasa. Kuseri moto unali utayaka kale pansi pa migolo ya nyemba.

Malemuwo anali achemwali anga. Ankaumba miphika ndi mbaula zadothi, n'kumakagulitsa ku Boma. Uvuni wawo unali mgolo waukulu womata njerwa m'kati, wolemera ngati ng'ombe. Matenda atawafoola, anandipempha ndiwapangire kangolo koti azikankhira uvuniwo m'chisakasa mvula ikamabwera. Ine ndinkagwira ntchito pa galaja ku Chipata. Ndinawotcherera zitsulo, ndinaikapo mateyala atatu a wilibala, ndipo nditabwera nako kumudzi uvuni tinaukwezapo. Teyala lachinayi ndinali nditangoligula pamene uthenga unandipeza. Ndinabwera nalo m'chikwama.

Kutacha, mitambo inada. Uvuni unali pakhomo penipeni, podzera bokosi. Adzukulu anayesa kuunyamula, anakanika. Wina anati angouphwanya. Ndinatenga sipanala, ndinagona m'matope, n'kumanga teyala lija. Tinakankha anthu awiri okha, uvuni n'kulowa m'chisakasa. Nditadzuka ndinapeza amalume akundiyang'ana.

Anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Guilleme, ena wapansi kudutsa malire. Amayi ogulitsa pamsika anabwera atanyamula nkhuni. Mvula inayamba katekisiti akupemphera, ndipo tinapita kumanda titanyowa, nyimbo zikumira m'chimphepo. Ana atatu a achemwali ankayenda patsogolo panga. Bambo awo anapita ku Joni kalekale osabweranso.

Kumanda amalume analankhula m'malo mwa banja. Atathokoza mudzi ndi mpingo anati, "Anawa musawadandaule. Mlongo wake wa malemu mwamuona nokha mmawa uja, ntchito ya pachisakasa akuidziwa. Wabwera kudzakhala."

Sanandifunse. Anthu anavomereza chapansipansi, ndipo mayi wina anandigwira dzanja akulira. Ndinali ndi chipinda ku Chipata, ndi mtsikana amene ndinamulonjeza ukwati tikakolola. Abwana anali atandipatsa mpaka Lolemba. Ndinatsegula pakamwa, koma mafosholo anali atayamba kale.

Pobwerera ndinawapeza amalume pambali.

"Amalume, ine kuumba sindidziwa."

"Udzaphunzira, mphwanga. Nanga tiwapereke kwa ndani?"

Ndinaganiza mayina onse a pabanja pathu. Ena anali kumanda komwe tinachokako, ena akudwala.

Madzulo anthu anabalalika. Amayi okalamba awiri anatsala m'siwa. Ndinakhala pakhonde ndikumva maminibasi akuliza mahutala kumsewu wa kumalire, mpaka anasiya. Kenako mwana wamkulu wa achemwali anatuluka atabereka mng'ono wake, n'kugwada.

"Amalume, mawa tidye chiyani? Ufa wonse aphikira maliro."

Ndinavula nsapato, n'kumufunsa kumene mayi ake ankasunga chimanga.