Ndinasandutsa Foni Dokotala wa Mayi Anga

Ndine ndinachedwetsa mayi anga kupita kuchipatala, ndipo ndinatero foni ili m'manja. Ndikuvomera poyera chifukwa mtima sukundipatsa mpata. Masiku ano ndikakhala pa makina ndimangozindikira ndasoka mkono wa diresi motembenuza.

Ndimasoka zovala pa Nkando. Mayi anatchola tiyi kuesiteti mpaka msana unakana, koma m'mudzi mwathu ankadziwika ndi china. Pamaliro alionse ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo azimayi ankakhala chete kudikira mawu awo.

Mawu amenewo ndiwo anayamba kusasa. Tinkati ndi fumbi la m'chilimwe. Kenaka anayamba kudandaula kuti chakudya chikumaima pakhosi. Anasiya chinangwa, anasiyanso nyemba za kalongonda zimene ankazikonda kwambiri.

Kwathu munthu akadwala, wonena kopita naye ndi mwini mbumba, ndipo mwini mbumba wathu ndi amalume, mlongo wawo wa mayi. Anapalasa njinga kuchokera ku Muloza, tinakhala pakhonde, iwo n'kunena kuti mawa lomwe mayi apite kuchipatala cha kuboma.

Koma ine ndinali nditafufuza kale pa intaneti ndi Chingerezi changa cha Fomu 2. Tsamba loyamba linatchula khansa, ndipo ndinalitseka msangamsanga. Lachiwiri linali ndi mawu aatali ngati njanji, sindinatolepo kanthu. Kenaka ndinapeza vidiyo. Bambo wina wovala gauni yoyera, akumwetulira, ankati vuto lotere ndi asidi wa m'mimba amene amakwera kukhosi, ndipo jinja, ndimu ndi uchi zimalithetsa m'masiku ochepa. Pansi pake panali anthu ambirimbiri othokoza.

Inu owerenga, sindinafunse kuti bamboyo ndi ndani, anaphunzira kuti, kapena ngati gauniyo sanasoketse kwa telala ngati ine ndemwe. Ndinamusankha chifukwa ankanena zimene ndinkafuna kumva.

Ndiye pakhonde paja ndinatulutsa foni.

"Amalume, masiku ano zonse zili muno. Muwavutitsiranji mayi kukaima pamzere tsiku lonse?"

Anaonera vidiyo yonse, ine ndikumasulira. Itatha anandibwezera foni.

"Ine kusukulu sindinapite patali, mwana wa mlongo wanga. Ngati wanena ndi dokotala, chabwino."

Mwini mbumba anagonja kwa ine, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinanyada.

Milungu inadutsa, mawu osabwerera. M'malo mokayika, ndinkangobwerera ku foni, ndipo nayo inali itadziwa zimene ndimakonda. Inkandibweretsera mavidiyo ofanana okhaokha: lero adyo, mawa madzi a mchere, mkuja masamba a gwafa. Mayi ankamwa zonse osawiringula. Ankaonda ndikuona, chitenje chikuwazungulira kawiri, ine n'kumati thupi likutaya zoipa, chifukwa ndi mmene vidiyo ina inanenera.

Tsiku lina m'mudzi munagwa maliro. Azimayi anakhala chete monga mwa masiku onse. Mayi anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mpweya. Anayesanso, osatheka. Azimayi anayang'anana, wina n'kuyambitsa nyimbo mwamantha. Amalume anamva zimenezi ali kumanda, ndipo ulendo uno sanafunse maganizo a munthu. M'mawa mwake anatikweza minibasi, ine ndi mayi.

Adokotala atafunsa kuti zinayamba liti, ndine ndinayankha, mawu ali pansipansi, kuti papita miyezi isanu. Anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko atawayeza anatiuza kuti ndi khansa ya pakhosi, ndipo yafalikira. Sanandikalipire. Anangonena kuti mawu akasasa milungu ingapo osasintha, kapena kumeza kukamavuta, munthu ayenera kuonedwa msanga. Nditatuluka panja ndinatsegula tsamba loyamba lija. Mawu omwewo analipo, mizere iwiri yokha pansi pa pamene ndinalekezera.

Kaya akanachira tikanapita tsiku limene amalume ananena, sindikudziwa. Funso limeneli ndimayenda nalo, ndimadya nalo. Amalume sanandinenepo kanthu mpaka lero, ndipo bola akanandizazira.

Inu owerenga, sikuti zonse za pa intaneti ndi zabodza. Zoona zinalipo, ine ndinazithawa. Mukapeza nkhani ya matenda, funsani kuti walemba ndani. Ikakulonjezani kuchira msanga munthu asanakuyezeni, ikayikireni. Ikakuopsani, musaitseke, werengani mpaka pamapeto. Foni singayang'ane pakhosi pa munthu, choncho pitani naye kwa amene angamuyang'ane. Ndipo ngati m'banja mwanu ndinu amene mumamva Chingerezi, dziwani kuti anthu akumwa chilichonse chimene mwawamasulira.

Mayi ali kunyumba tsopano, amangomwa phala lamadzimadzi, ndipo amalankhula monong'ona. Dzulo ndikuwapukuta kumaso anandigwira dzanja, ine n'kuwerama kuti ndimve.

"Nanga foni yako ija ikuti timwe chiyani lero?"

Sankandinyoza ayi. Akundikhulupirirabe.