Mchere Ndinkathira Ndine

Kachitini ka mchere kankakhala pamwamba pa khoma la khitchini, pomwe khoma limakumana ndi malata, poti mwana sangafikepo osakwera pa mtondo. Kanali kachitini ka mkaka wa ufa, kadzimbiri m'mbali, chivundikiro chake chosatseguka mpaka ulowetse supuni. Ndimakaonabe ndikatsinzina, ine gogo wa zidzukulu zodzaza khonde. Chaka chimenecho, kuyambira pokumba mtedza mpaka mango atachita maluwa, kachitini kameneko kanali kanga. Amayi ankaphika okha, koma ndiwo zikatsala pang'ono kupsa ankandiitana: "Bwera udzathire mchere." Ine n'kukwera pa mtondo, n'kutapa, n'kuwaza. Ndinkanyada, mayo ine, ndinkanyada ngati andilonga ufumu! Chifukwa chake sindinafunse. Ndikanafunsiranji? Ndinkangovina.

Tinkakhala ku Nabvutika, komboni ya ku Chipata. Atate anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye m'tauni, tsiku lonse phazi lili pa makina, kukamwa kuli mapini. Koma Loweruka masana sanali telala ayi. Anali akaputeni! Akaputeni a timu ya kiriketi, ovala zoyera mbee zosoka okha, kumutu chipewa chobiriwira chomwe ankavala mtsogoleri yekha.

Kwa inu amene simunawaonepo masewerawa, amatere: amazika timitengo titatu, wina n'kuima patsogolo pake ndi thabwa losalala. Wina amathamanga kuchokera uko n'kuponya kampira kofiira kolimba ngati mwala. Ukakamenya n'kupita kutali, umathamanga uku ndi uku, amenewo ndiye marani. Kakakudutsa n'kugwetsa timitengo, watuluka, kakhale pansi. Ukatuluka usanathamange n'kamodzi komwe, amati wapata dzira. Atate anaphunzira ali mnyamata, akutolera mipira ya Amwenye m'tchire, mpaka anawaposa eni akewo. M'timu mwawo munali matelala, makalaliki, ana a eni masitolo ndi aphunzitsi athu a kusukulu, bambo amene ankayendetsa zonse za timuyo.

Ndiye atate akamenya! Thabwa likalira kuti thwa, mpira uwo, uwo, uwo, anyamata akuuthamangira mpaka m'nsenjere. Ine m'mbali mwa bwalo ndikudumpha, fumbi koboo, ndikuimba kanyimbo kanga kopeka ndekha: atate amenya, wapita kuphiri, atate amenya, sudzabweranso! Palibe mwana m'Chipata monse amene anali wolemera ngati ine Loweruka masana.

Nyengo ya mvula chaka chimenecho amayi anali atanenepa pamimba, ndipo ankaluka kachipewa kakang'ono ka ulusi wachikasu. Ine ndinkati n'ka chidole changa cha chitsononkho. Kenaka m'mawa wina, mtedza utangoyamba kukumbidwa, anandipititsa kwa aneba ndisanasambe n'kumaso komwe. Ndili pa mpanda ndinaona azimayi achikulire akutuluka m'nyumba mwathu, wina atanyamula khasu, akulowera kudambo. Anapita chete, anabwera chete. Panalibe nyimbo, panalibe wolira. Atate anali atakhala pamwala kuseri kwa nyumba, akuyang'ana zala zawo. Amayi anagona masiku ambiri, ndipo atadzuka anali ataonda. Kachipewa kaja kanalowa pansi pa zovala m'sutikesi. Kachitini ka mchere kanabwera kwa ine.

Masewera atayamba, mphepo yozizira ikuwomba, atate anapata dzira. Anthu anaseka, amvekere zimachitika. Loweruka linalo, dzira. Linalo anathamanga pang'ono chabe n'kutuluka. Linalo dzira linanso. Ankaima bwinobwino, thabwa lili m'manja, koma maso ali kwina, kupyola woponyayo, kupyola bwalo. Mpira umangodutsa, timitengo gubudu, iwo n'kumayenda pang'onopang'ono kubwerera, chipewa chili kumutu. Thalauza loyera linayamba kukhwepa m'chiuno. Anayambanso kutsokomola, koma ndani samatsokomola ndi fumbi la miyezi imeneyo?

Apa ndiye ndimapsa mtima mpaka lero, ndipo ndidzapsa mtima mpaka adzandiike m'manda. Munthu akalephera kumenya mpira, mlandu ndi wa mpira. Nenani kuti maso afooka, nenani kuti miyendo yalemera, nenani kuti wakalamba. Koma ayi! Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ovala zoyera, anasiya mpira pabwalo n'kulowa m'khitchini mwa amayi anga. Anayamba kunong'onezana kuti akaputeni awadula. Kwathu kuno amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadulika: amaonda, amatsokomola, mphamvu zimatha. Ndiye onani, ati, si uyo waonda? Si uyo akutsokomola? Nkhani inachoka kubwalo, inafika pampopi. Amayi akafika ndi ndowa, azimayi n'kukhala zii, kenaka wina n'kuseka chamumtima. Amayi anga, amene njira ankaidziwa ndi ya kutchalitchi ndi ya kuchigayo basi!

Ine zonsezo sindinkazimva. Khutu langa linatola mawu amodzi okha. Ndinamva bambo wina akuuza mnzake kuti, "Nkhani yake ndi ya mchere wa kunyumba." Mchere wa kunyumba ndinkathira ndine. Ndiye kuti amene ankagwetsa timitengo ta atate ndinali ine! Ndinayamba kuchepetsa, ndiwo n'kukhala zosakolera ngati madzi. Atate anadya osadandaula, Loweruka n'kupata dzira. Ndinachulukitsa, ndiwo n'kuwawa mpaka amayi kukwinya nkhope. Atate anadyabe osadandaula, dzira lomwelo. Ndinayesa kuthira ndi dzanja lamanzere, ndinayesa kupemphera kaye ndisanatsegule kachitini. Palibe chinasintha.

Aphunzitsi aja za mchere sankanena, ndisawanamizire. Iwo ankangoti, "Timu si chipatala." Anali ndi mnyamata wawo, mphunzitsi mnzawo wachichepere womenya mwamphamvu, ndipo ankafuna kuti chipewa chipite kwa iyeyo. Mwina pa za mpira ankanena zoona. Koma pamene anzawo ankaipitsa dzina la amayi, iwo ankangopukuta magalasi. Munthu woletsa kalasi yonse phokoso ndi diso limodzi, analephera kuletsa amuna ochepa? Sanafune. Miseche ija inkawakankhira ngolo yawo.

Tsiku lina amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera panjinga kuchokera ku Madzimoyo ndi thumba la mtedza. Ine ndinkaswa mtedzawo pakhonde, iwo akucheza ndi atate pafupi pomwepo. Amalume anati, "Alamu, chivuleni chipewacho. Mupume. Si munda uwu, simudya pamenepo."

Atate anati, "Ndikachivula lero, mawa anena kuti ndavomera. Ndiye mlongo wanuyu azikatunga madzi pampopi uti?"

Amalume anatola mtedza umodzi n'kumauzunguza m'manja. Ine ndinaganiza kuti mpopi wathu wawonongeka.

Ndiye atate ankapitabe. Loweruka lililonse ankachapa zoyera zawo, kusita, kupaka thabwa mafuta, kuvala chipewa, n'kukaima pamaso pa anthu kuti akasekedwe. Lero ndimadziwa kuti sankatchinjiriza timitengo ayi. Ankaimirira pakhomo pa amayi.

Mapeto ake anafika kutayamba kutentha. Kunabwera timu ya alendo, ndipo atate anatuluka pa mpira woyamba weniweni. Timu yathu inagonja moipa. Alendo atakwera lole yawo, aphunzitsi anaitana onse pansi pa mtengo wa mkuyu m'mbali mwa bwalo kuti akambirane za chipewa. Ife ana sankatithamangitsa, tinkangokhala pamizu. Aphunzitsi analankhula zambiri, Chingelezi chikulowa apa ndi apo. Wina anati tiwapatse mpata, munthuyu watipambanitsa zaka zambiri. Wina anati zakale sizithamanga marani. Atate anangoti, "Ine sinditula." Pamenepo kalaliki wina wa kukamwa kotayirira anaponya mawu kuchokera kumbuyo: "Osavutana nawo akaputeni. Kafunseni amene amathira mchere!" Ndipo anaseka. Anaseka amuna aja, ena akubisa kukamwa ndi zipewa.

Sindidziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangodzipeza ndili pakati pawo, diresi lafumbi, mamina ali pamlomo, ndikukuwa: "Mchere ndimathira ndine! Amayi sakhudza kachitini kuyambira tsiku lomwe azimayi anapita kudambo ndi khasu! Ngati mchere walakwa menyani ine, atate muwasiye!"

Eee! Mkulu wina wa imvi, amene ankaweruza masewera, anavula chipewa chake n'kuchigwira pachifuwa. Kalaliki uja anayang'ana nsapato zake ngati sanazionepo. Amuna onse aja anamva zimene ine wonenayo sindinkazimva: kuti mkazi amene ankamunena sanakhudze mchere nyengo yonseyo, ndiponso chifukwa chake. Mawu amenewo sindinong'oneza nawo bondo, ndipo atandibwezera ubwana ndikhoza kuwakuwanso kwambiri.

Aphunzitsi anatsokomola n'kunena motsitsa, "Sitinadziwe, akaputeni. Pepani. Chipewa chikhale, mumalize chaka."

Atate anaimirira. Anavula chipewa chobiriwira chija, anachisasa fumbi, n'kuchiika pabondo la aphunzitsi. "Ndachivala mokwanira," anatero. "Mpatseni mnyamatayo." Anandinyamula paphewa ngati kamwana, ine wamkulu kale, n'kuuyamba wa ku Nabvutika.

Pepani uja anapita kwa atate. Kwa amayi sikunabwere pepani, ngakhale wa theka. Palibe mmodzi mwa ovala zoyera aja anaponda pakhomo pathu. Ndipo mnyamata wa aphunzitsi atavala chipewa, nayenso anapata mazira ake, ambiri ndithu. Mukudziwa chimene ananena? Ati bwalo lauma kwambiri. Ati mphepo. Za khitchini ya mkazi wake panalibe anafunsa! Masiku ano adzukulu anga amakangana akuonera kiriketi pafoni, wina achotsedwe kaputeni, wina asachotsedwe. Ine ndimawauza kuti mchotseni ngati mukufuna, koma muyambe mwamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, ndipo mkazi wake mumusiye. Chitatha chaka chija, thabwa la atate linayambanso kulira kuti thwa, ine n'kuyambiranso kanyimbo kanga, koma chipewa sanachifunenso.

Zinanditengera kukula, kukwatiwa, kutaya mwana wanga, kuti ndidziwe za m'mawa uja. Mwana wobadwa atafa kale amaikidwa ndi azimayi okha. Anthu salira, sayimba, sakhala pamaliro, ndipo mayi wake sathira mchere m'ndiwo kwa miyezi ingapo. Mwamuna sapita, saona nkhope, sauzidwa n'pamene wagona pomwe. Atate anauzidwa kuti akhale chete, ndipo anakhaladi chete, n'kumapita nacho chinthu chimenecho kubwalo Loweruka lililonse. Mpira akanauona bwanji?

Koma tsiku la pamkuyu lija ndinali paphewa pawo, ndikulira njira yonse kuti ndawaluzitsa chipewa. Titafika, amayi anali kuseri kwa nyumba pamphasa, akusankha nyemba. Atate ananditsitsa, anakhala pamphasa pomwepo, analankhula mawu ochepa omwe sindinawamve. Amayi anaika lichero pansi. Ndiye ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo: atate anga akulira, mapewa akugwedezeka, amayi nawonso akulira, dzuwa likanali kumwamba, aneba akumva.

Ine ndinati akulirira chipewa. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinafukula pansi pa zovala mpaka ndinapeza kachipewa kachikasu kaja. Ndinabwera nako n'kukaika m'manja mwa atate. "Musalire, atate," ndinatero. "Valani aka."

Kanali kochepa, koti sikakanakwana ngakhale pachibakera chawo. Ndinadikira kuti aseke. Iwo anakagwira ndi manja awiri, mosamala, ngati kali ndi kulemera, ndipo sindinamvetse chifukwa chake sankafuna kukabweza.