Ndere ya m'kapaipi ka Bambo

Ndinadzuka kusanache, pamkeka pomwe ndinagona ndi nsapato kuphazi. Mvula inkawaza. Kuseri kwa nyumba azimayi oyandikana nafe ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi n'kumalowa mpaka m'chipinda momwe munali thupi la Bambo.

Bambo anali telala ku Old Town. Kwa zaka ziwiri ankakodzera m'kapaipi kamene madokotala anawalowetsa m'chikhodzodzo. M'kapaipimo tizilombo tinamanga ndere, ngati ya mu ndowa yosatsuka, n'kubisala m'kati mwake. Mankhwala ankangoziziritsa thupi kwa masabata angapo, matenda n'kubwerera, mpaka analowa m'magazi.

Ine ndimagwira ntchito mu labotale. Timayesa mapeputaidi, tizidutswa ta mapuloteni toboola ndere yoteroyo. M'timbale tathu toyesera ndereyo imabookadi. Koma mankhwala athuwa sanayesedwebe pa munthu, ndipo sindikudziwa ngati adzafika pamenepo ine ndili moyo.

Kutacha anthu anayamba kufika, matelala anzawo ndi amalonda a mumsika, ambiri atadzaza matope m'miyendo. Abwana anga anabwera pagalimoto kuchokera ku Area 10. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Posambitsa thupi ndinali ndi amalume. Pantchafu ya Bambo panatsala mzere wakuda wa pulasitala yomwe inkagwira kapaipi kaja. Ndinaupukuta koma sunachoke. Amalume anandifunsa chapansipansi, osandiyang'ana:

"Iwe, mankhwala ako aja, sukanangowabweretserako pang'ono?"

Ndinawauza kuti n'zosaloledwa, kuti akanatha kuwononga impso. Anati impsozo zinawonongekabe. Anapitiriza kukulunga thupilo m'sanda, nsalu yoyera ya maliro.

Titaswali masana tinanyamula maliro pa jeneza, tikulandirana panjira. Aminibasi anatiimira, ena anazimitsa nyimbo. Kumanda tinapeza dzenje litalowa madzi, ndipo tinawakapa ndi chitini shehe akudikira pansi pa ambulera. Ndinatsikira m'dzenjemo kukalandira Bambo. Anali opepuka kwambiri.

Madzulo anthu anabalalika, pabwalo panangotsala phulusa lonyowa ndi mipando yobwereka. Itakwana nthawi yomwe ankakhuthula thumba la mkodzo la Bambo, Mayi anadzuka, anatenga beseni, anafika pakhomo la chipinda. Anaima pomwepo kwa kanthawi. Kenako, osatembenuka, anandifunsa ngati Lolemba ndibwerera kuntchito.

Ndinati ndibwerera. Sanandifunse kuti kukatani.