Wotchi ya a Fanuelo

A Fanuelo anakhala pachikamwini kwa Mwambo moyo wawo wonse waukulu, akumata machubu a njinga panjira ya kudoko la Kachulu. Munda unali wa akazi awo, nyumba ya akazi awo, ngakhale mango amene anadzala okha. Chawochawo chinali chimodzi basi: wotchi ya m'thumba ya ku Amereka, yachivindikiro, imene amalume awo anabwera nayo kuchokera kuntchito ya njanji ku Rodeshiya. Inasiya kuyenda kalekale, koma Lamulungu lililonse ankaikoleka pajekete, ife n'kumawafunsa nthawi dala kuti tiseke.

Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu, koma kusudzula n'kusudzula: akangokolola, achoke. Kwawo kwa Kuntumanji malo anagawana kale ena. M'pamene mphunzitsi wina anawauza kuti ku Zomba kuli munthu wogula mawotchi akale otere, amene anthu akunja amawasunga ngati chuma. A Fanuelo anaona kuti akagulitsa apeza kamalo komangapo nyumba.

Vuto lawo linali chilungamo. Kugulitsa chinthu chakufa ankati n'kuba, ndiye anayamba adzera kumsika kwa wokonza mawotchi. Iyeyo anachotsa makina onse am'kati n'kuikamo a batire, akalewo anati ataya yekha. A Fanuelo ndinawanyamula ndine pakabaza tsiku limenelo, ndipo njira yonse wotchi inali kukhutu kwawo ngati mwana wapatsidwa wailesi.

Titafika kwa wogula uja, iye anatsegula kumbuyo kwa wotchiyo n'kufunsa:

"Madala, makina ake ali kuti?"

"Anali akufa, bwana. Ndakukonzerani."

"Anthu amafuna makinawo, ngakhale akhale akufa. Nambala yonena fakitale ndi chaka imakhala pamenepo. Ichi n'chigoba chabe, zoterezi zangoti mbwee."

Tinathamangira kumsika. Wokonza uja anati anataya, maso ali kumbali. Ine ndikudziwa kuti sanataye, ndipo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Kukolola kunatha. A Fanuelo tsopano amagona m'chisakasa cha asodzi ku Kachulu. Nyanja ikuphwa, matemba kulibe, ndipo njinga zodzamatitsa zimabwera mwa apo ndi apo. Dzana ndinawafunsa nthawi mwachizolowezi, kuti mwina aseke. Anaitulutsa wotchi ija n'kundiuza nthawi yolondola.

"Ikuyenda bwino," anatero. "Batire ikatha sindidzagulanso ina."