Kope Langa la Ukazitape

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, pamene ndinaganiza zokhala kazitape. Tinkakhala kufupi ndi msika wa Tsangano, kumene chisanu cha mu Juni chimang'amba milomo. Matipate anali atakhala kale zaka zingapo. Ife ana tinkangomva akuluakulu akuti "nthawi ija" kenako n'kutsitsa mawu, koma sitinkadziwa kuti nthawi ijayo inali yotani.

Loweruka lina masana, achimwene anga a Limbani ananditenga ku vidiyo. Chinali chisakasa cha malata akutha kuseri kwa ogulitsa tchipisi, jenereta ikulira panja, m'kati muli fungo la petulo ndi thukuta. Filimu ya tsikulo inali ya azungu awiri, wina wochenjera, wina wopusa, ofunafuna munthu amene anaba mapepala a boma. Chingerezi chake chinali chothamanga, choncho tonse tinkadalira aMaseko, oyandikana nafe nyumba, omwe pa unyamata wawo ankaphikira mzungu ku Halale. Ankakhala pa benchi ya kutsogolo atavala chikhoti chawo chachitali, n'kumatimasulira.

"Awatu ndi akazitape," anatero. "Nkhani iyi si yatsopano ayi. Ndinkaionera pa TV ya abwana anga, yosaonetsa mitundu, sabata ndi sabata, ndikusuzumira pakhomo la kukhitchini. Koma kalelo sankagwaigwa chonchi. Awa angoitenthetsanso n'kuthiramo nthabwala."

Wopusa uja atapsonyoka pawindo n'kugwera mu lole ya nkhuku, aMaseko anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta misozi ndi chipewa. Ine chimene ndinatolapo chinali chimodzi: kazitape amaona zonse, amalemba zonse, ndipo pamapeto anthu amamuombera m'manja.

Nditafika kunyumba ndinatenga kope langa la masamu lomwe linali lisanalembedwe, ndipo pachikuto ndinalemba kuti CHINSINSI. Kwa milungu iwiri, ndikaweruka kusukulu, ndinkabisala kuseri kwa khola la mbuzi n'kumalemba. Ndinkalemba kwambiri za aMaseko, chifukwa mpanda wawo wa udzu unali ndi chibowo, komanso chifukwa ndinkawakonda. "Lachiwiri. AMaseko apita kutsidya ku Mozambiki pa njinga. Abwerako ndi thumba." "Lachinayi. Kwabwera mlendo wa ndevu. Akamba za ndale. AMaseko anena kuti aboma onse ndi akuba." Ndinkalembanso nthawi, ngakhale ndinalibe wotchi.

Masamba asanu ndi limodzi atadzaza, ndinaona kuti ntchito yabwino chotere singabisike. Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi. Ndinagwada, n'kuwapatsa kopelo ndi manja awiri, ndikudikira kuti aseke ngati ku vidiyo kuja.

Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri. Kenako anasiya kuwerenga. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, agogo. Ndine kazitape."

"Abambo ako ndi amene akutuma?"

Akazi awo, aNangozo, anatuluka m'khitchini, nayang'ana kopelo, ndipo anaika manja kumutu. "Ayambanso! Anthu inu, ayambanso! Tsopano akutuma ndi ana omwe!" Amayi a nyumba zoyandikana anathamangira. Ena ankandiloza, ena ankaloza nyumba yathu. Amayi anga anatulukira, ufa uli m'manja, nandikoka pa mkono mpaka kunyumba, ndipo tisanalowe anandiwomba mbama imene sindinaiiwale. Ndikulira ndinafunsa kuti ndalakwanji. Anangoti, "Khala chete," iwonso akulira.

Ndinasokonezeka zedi. Sindinabe kanthu. Sindinaname, chifukwa zonse zimene ndinalemba zinachitikadi. Munthu yemwe uja amene anaseka akazitape mpaka kutsokomola ndi amene anachita mantha ndi kope la mwana. Ndinaganiza kuti mwina m'thumba muja munali katundu woletsedwa. Ndinaganizanso kuti mwina ndalakwitsa kalembedwe ka dzina lawo. Abambo atabwera kuchokera kudimba anamva nkhani yonse ataimirira, ndipo sanandikalipire. Anangokhala pa mtondo, maso pansi.

M'mawa mwake anandiuza kuti ndisapite kusukulu, ndiwaperekeze kudimba. Tili panjira, mame akunyowetsa miyendo, anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

"Iwe usanabadwe, aMaseko anakhala kundende zaka zinayi. Mlandu sunazengedwe."

"Analakwa chiyani?"

"Ananyoza boma pa mowa."

"Ndani anakawanenera?"

Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako anati, "Amene anakanena sindimudziwa. Koma kunabwera anthu awiri a boma pa galimoto, nandifunsa ngati ndinalipo, ndiponso ngati ndinamva. Ndinati eya. Amayi ako anali ndi pakati pa Limbani."

"Ndiye inu munali kazitape?"

"Sindinalembepo kanthu, mwanawe. Ndinangoti eya."

Izi zinangowonjezera chisokonezo. Abambo ndi aMaseko ankapemphera tchalitchi chimodzi, ankapatsana moni tsiku lililonse, ndipo mbatatesi zathu ndi zawo zinkakwera lole imodzi popita ku Lilongwe. Mu filimu muja adani ankathamangitsana ndi mfuti. Sindinathe kudziwa kuti pa anthu awiriwa woipa ndi uti, wabwino ndi uti, ndipo ine ndili mbali ya yani.

Kudimba sitinafikeko. Abambo anaima pakati pa njira, natembenuka, ndipo tinabwerera mpaka pabwalo la aMaseko. Anavula chipewa, nanjuta patsinde pa khonde, malo amene sindinawaonepo atakhala kwa munthu aliyense. ANangozo anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndabwera ndi mwanayu kudzapepesa," anatero abambo. "Sindinamutume. Amatsanzira za ku vidiyo."

"Mwanayu alibe mlandu, ndaganiza bwino," anayankha aMaseko. "Koma inu aPhiri, zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina mudzanjute pamenepo, chipewa chili m'manja. Mwachita kubweretsedwa ndi mwana."

Abambo anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Ndinachita mantha, aMaseko. Ndinalakwa."

"Ndikudziwa. Mantha tinali nawo tonse." AMaseko anawakodola ndi dzanja. "Dzukani, khalani pa mpando."

ANangozo sanabweretse mpandowo. AMaseko anachita kukautenga okha. Kenako anang'amba masamba asanu ndi limodzi aja, nawapatsa akazi awo kuti akaponye pamoto, ndipo otsalawo anandibwezera. "Umu ulembemo masamu," anatero, "tsopano pita uko, akulu akambirane." Ndinakhala kuseri kwa nyumba yathu mpaka dzuwa kufika pamutu, ndikumva mawu awo chapatali osazindikira chimene akunena.

AMaseko sanapitenso ku vidiyo, ndipo anzanga anandida chaka chonsecho chifukwa mafilimu analibenso womasulira. ANangozo anatenga miyezi yambiri asanayankhe moni wanga.

Patapita zaka, ndili ku sekondale ku Ntcheu Boma, ndinabwera pa holide n'kuwapeza aMaseko akudwala. Ndinalimba mtima kuwafunsa chimene chinandivuta kuyambira tsiku lija, kuti bwanji anaseka filimu ija pomwe iwo anazunzika chifukwa cha zomwezo.

"Aja amazonda anthu akutali osawadziwa," anatero. "Kuno amene ankakupereka ndi yemwe mumabwerekana naye khasu. Ndiye ukatuluka kundende, umamupeza ali pomwepo, ndipo khasu ukulifunabe."

Lero ndine namwino, ndipo tsiku lililonse ndimamva ndi kuona za anthu zimene ngakhale abale awo sazidziwa. Ndinazindikira kuti kunena zoona pakokha sikumuyeretsa munthu, chifukwa abambo ananena zoona, inenso ndinalemba zoona. Chofunika n'kudziwa amene ukumuuza, ndi chimene akachite nazo. Za abambo anga sindinathe kuweruza mpaka pano. Ndikadziika pamaso pa anthu awiri a galimoto aja, ndili ndi mwana m'mimba kapena kumsana, sindidziwa chimene chikadatuluka pakamwa panga.