Chitini cha Malalanje a Khirisimasi

Ndikamva fungo la lalanje lodulidwa kumene, ndimaona agogo aamuna ali pakhonde kwathu ku Thuchila, mpeni uli m'manja, chiperoni chikuwaza kunja ndipo phiri labisala m'nkhungu. Anagwira ukhukhi kwa mzungu ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo kumeneko anatengako zinthu ziwiri: kunola mpeni m'mawa uliwonse ndi kuyanika malalanje a Khirisimasi.

Vuto lake linali lakuti malalanje amapsa nthawi yozizira, pomwe Khirisimasi imafika mvula ili mkati. Choncho mu Julayi ankadula malalanje ndi manachesi timagawo topyapyala tozungulira, n'kutiyala pa lichero, ndipo dzuwa likakana ankatiika pafupi ndi mbaula, akutitembenuza kamodzikamodzi mpaka titauma gwa. Akatero ankatitsekera m'chitini cha mabisiketi n'kumanga chivundikiro ndi mphira wa njinga. Anansi ankaseka: "Kodi madala, malalanje nawonso asanduka mfutso?" Iwo ankangonola mpeni wawo.

Zonsezi ankachitira agogo aakazi, amene maso awo anachita ng'ala ine ndisanabadwe. Mapepala onyezimira amene anzathu ankapachika m'nyumba zawo analibe phindu kwa munthu wosaona. Koma timalalanje tija tikatungidwa pa ulusi n'kupachikidwa pakhomo ndi pamwamba pa mphasa yawo, agogo ankakweza mphuno n'kunena kuti, "Eya, yafika." Khirisimasi yawo inali yomweyo.

Chaka china, ndili Sitandade 4, ndinalephera kuugwira mtima. Munali mu Novembala, agogo aamuna ali kumunda. Ndinatsitsa chitini, ndinanunkhiza mpaka kukhuta, ndinalumako kagawo kamodzi, kowawa ngati mankhwala a malungo. Pobwezera, mphira uja unandikanika, ndiye ndinangovundikira mwachisawawa. Agogo aakazi anali gone pamphasa m'chipinda chomwecho, ine n'kumati ali m'tulo.

Mvula inagwa mosalekeza. Kutatsala masiku anayi kuti Khirisimasi ikwane, agogo aamuna anatsegula chitini n'kupeza timalalanje tonse titachita chuku. Sanakalipe, sanafunse munthu. Anangokhala pansi, chitini chili pamiyendo, ndipo ine ndinalakalaka akanangondikwapula. M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Chitakale, n'kubwerako atanyowa thupi lonse, ndi mandimu aawisi ochepa chabe. Anawaumitsa pa mbaula masiku atatu, koma anada, anafota, fungo lake linali la utsi basi.

Titapachika, agogo aakazi anakweza mphuno monga mwa masiku onse. Agogo aamuna anayamba ndi mawu apansipansi, akuwaitana ndi dzina la mayi anga: "Make Rozina, pepani, chaka chino..."

"Mukupepesa chiyani inu?" anatero agogo aakazi. "Ine Khirisimasi yanga ndinaimva kale mu Novembala. Wina anandibweretsera mpaka pamphasa, yonunkhira kuposa zaka zonse." Anatambasula dzanja n'kugwira mutu wanga popanda kufufuza. "Koma mphira ndi wovuta kumanga, eti mwanawe?"

Ndinalira mokweza, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi. Agogo aamuna anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Katenge mphirawo," anatero. "Wakuba amene sadziwa kutseka chitini sitimufuna pamudzi pano."

Onse awiri anatisiya kalekale, ndipo ndimawasowa kwambiri, makamaka chiperoni chikayamba. Lero ndimakhala m'tauni, kumene zokongoletsa zapulasitiki zimadzaza m'masitolo, koma Julayi aliyense ndimadula malalanje ana anga akundiseka. Mu Novembala ndimatsegula chitini kamodzi, dala, n'kudikira pang'ono kuti fungo lizungulire nyumba yonse. Ndikatero ndimamanga mphira zolimba, monga anandiphunzitsira tsiku lija.